Kusintha mabowo a mpira wa bowling pamene dzanja likukalamba

Munthu amene amasewera bowling mokhazikika amagula mpira wake wopanda bowo lililonse. Mmisiri wa m'shopu ya mipira amayeza dzanja la mwiniwake, kenako amaboola mabowo atatu: awiri olowetsamo chala chapakati ndi chala cha mphete, ndi limodzi lolowetsamo chala chachikulu. Miyezo imene amalemba tsiku limenelo imakhala yoona pa dzanja la tsiku limenelo basi. Mabowowo amakhala mmene anawaboolera kwa zaka khumi kapena makumi awiri, ndipo anthu ambiri akamagula mpira watsopano amangouza mmisiri kuti akopere miyezo yakale, pamene dzanja lenilenilo lakhala likusintha pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Amene anayezedwa ali ndi zaka 35 n'kumaponyabe mpira wa miyezo yomweyo ali ndi zaka 62 ali ngati munthu amene akuumirira nsapato imene inayamba kumuthina kalekale.

Masewera amene tikukamba pano ndi aja ogwetsa mapini khumi (timitengo toimikidwa kumapeto kwa njira imene mpira umayendamo), amene malamulo ake anakhazikitsidwa ku America pamene bungwe la American Bowling Congress linayamba mumzinda wa New York m'chaka cha 1895. Kuyambira mu 2005 udindowo uli m'manja mwa bungwe la United States Bowling Congress, mwachidule USBC. Mpira umayenda mamita 18.3 kuchokera pa mzere woponyera kukafika pa pini yoyamba, ndipo suloledwa kulemera kupitirira mapaundi 16, amene ndi makilogalamu 7.26. Abale athu a ku Johannesburg, Cape Town kapena ku Britain amakumana ndi masewerawa m'nyumba zazikulu za masitolo, kumene ambiri amangotola mpira wa pamalopo. Malangizo awa ndi a munthu amene ali ndi mpira wakewake ndipo akufuna kupitiriza kusewera akamakula, chifukwa bowling ndi masewera amene ukalamba suwaletsa. Ku America akatswiri a zaka 50 kupita m'tsogolo ali ndi mipikisano yawoyawo yotchedwa PBA50.

Zimene zimasintha m'dzanja

Chimene chimayamba kuoneka ndi kuuma kwa mfundo za zala. Nyamakazi ya ukalamba imakonda mfundo yakumapeto, yoyandikana ndi chikhadabo, kumene imameretsa timafupa totumphuka timene madokotala amatitchula ndi dzina la Heberden, ndipo ikagwira mfundo yapakati amatitchula ndi dzina la Bouchard. Imakondanso tsinde la chala chachikulu, pafupi ndi polumikizira mkono, malo amene amalola chalacho kutambasuka kutalikirana ndi zinzake. Tsindelo likauma, dzanja silitambasukanso mmene linkachitira.

Khungu nalo limapyapyala ndi kuuma, mnofu wa kunsonga za zala umachepa, ndipo mphamvu yofumbatira imatsika. Zimenezi zikaphatikizana zimabweretsa vuto limene achinyamata salidziwa: mfundo imakula pamene mnofu wa kuseri kwake ukuchepa, motero bowo limene mfundo ingadutsemo bwino limakhala lotakasuka kwambiri chala chikalowa chonse. Kunenepa ndi kuwonda nakonso kumaonekera m'zala. Zonsezi zimathera pa chinthu chimodzi, chimene ndi kufinya mpira. Munthu akamva kuti mpira ufuna kupulumuka, amapinda chala chachikulu m'bowo kuti augwire, ndipo kufinyako kumalimbitsa mkono wonse mpaka paphewa, kumachedwetsa kutuluka kwa mpira, ndiponso kumatopetsa dzanja masewera asanathe.

Choyamba, werengani dzanja lanu mukangomaliza kusewera

Musanapite kwa mmisiri, sewerani magemu atatu monga mmene zimakhalira pa mpikisano wa ligi. Gemu imodzi munthu amatha kuponya mpaka ka 21, choncho magemu atatu angafike pa maulendo 63, okwanira kuti dzanja lionetse pamene pakupweteka. Mukangomaliza, yang'anani dzanja pamalo owala bwino, ndipo ngati n'kotheka lijambuleni ndi foni, chifukwa kufiira kumazimiririka pakangopita mphindi zochepa.

Khungu likauma ndi kulimba kumsana kwa chala chachikulu, pamfundo, kawirikawiri ndiye kuti mukupinda chalacho m'bowo, mwina chifukwa bowo ndi lalikulu kapena lapendekera mbali imene imatulutsa mpira msanga. Matuza kapena kufiira patsinde pa chala chachikulu, mbali ya chikhatho, kumasonyeza kuti mtunda wa pakati pa mabowo watalika kapena mkombero wa bowo ndi wakuthwa. Chala chachikulu chikasupuka mbali zonse ziwiri, bowo ndi lothina m'mbali, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake n'chakuti bowo ndi lozungulira pamene chala ndi chophwatalala. Lembaninso kuti ululu unayamba pa gemu iti. Ululu woyamba pa kuponya koyambirira umaloza ku mabowo, pamene woyamba kumapeto kwa gemu yachitatu ungakhale wa kutopa kapena wa kutupa kwa zala.

Chachiwiri, yesani kutalika kwa mtunda wa pakati pa mabowo

Mtunda wochokera pa bowo la chala chachikulu kufika pa mabowo a zala ziwiri zija amisiri amautcha span, ndipo mungauyese nokha kunyumba. Ikani mpira patebulo, lowetsani chala chachikulu chonse mpaka patsinde, kenako gonekani zala ziwirizo pamwamba pa mabowo ake osazilowetsa ndiponso osazikoka. Ngati mpira wanu ndi wa kagwiridwe kamene kamatchedwa fingertip, kolowetsa zala mpaka pamfundo yoyamba yokha, mkombero wapafupi wa bowo uyenera kugwera chapakati pa mfundo yoyamba ndi yachiwiri. Ukagwera pafupi ndi mfundo yoyamba, span yatalika. Ngati mpira ndi wa kagwiridwe ka conventional, kolowetsa zala mpaka pamfundo yachiwiri, mzere wa mfundo yachiwiriyo uyenera kupitirira mkombero wapafupi ndi mamilimita pafupifupi 6.

Mukatero lowetsani zala bwinobwino, kuyamba ndi ziwiri zija ndipo chachikulu pomalizira, n'kuyang'ana kachikopa ka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Kakakokeka mpaka kuyera, dzanja likutambasulidwa mopyola muyezo. Onaninso ngati chala chachikulu chikufika pansi popanda zala zinazo kusololoka. Anthu ambiri achikulire amazindikira pamenepa kuti kwa zaka zingapo akhala akusewera chala chachikulu chisakulowa chonse, ndipo anali atazolowera moti sankadziwa.

Chachitatu, konzani bowo la chala chachikulu ndi tepi

Ili ndi gawo limene mungachite nokha popanda kuwononga ndalama zambiri, ndipo ndi limene anthu amalinyozera kwambiri. Chala chachikulu sichikhala cha msinkhu umodzi tsiku lonse. Chimatupa kukatentha kapena mukadya chakudya cha mchere wambiri, chimaphwa kukazizira, ndipo kwa munthu wa nyamakazi kusinthaku kumakhala kwakukulu. N'chifukwa chake bowo labwino limabooledwa lokulirapo pang'ono, n'kumachepetsedwa ndi tizidutswa ta tepi timene mumaika ndi kuchotsa malinga ndi tsikulo.

Tepi ya bowling ili mitundu iwiri yodziwika. Yoyera ndi yokhakhala ndipo imamatidwa kutsogolo kwa bowo, kumene kumagunda mimba ya chala, kuti chala chizigwira popanda kufinya. Yakuda ndi yosalala ndipo imamatidwa kumbuyo, kumene kumagunda chikhadabo ndi mfundo, kuti ichepetse bowo koma chala chizituluka mosavuta. Dulani kapena ikani tepi kuti isafike pamkombero penipeni, apo ayi idzapindika ndi kukanda khungu. Onjezani kachidutswa kamodzi, ponyani kawiri kapena katatu, kenako muone ngati pakufunika kena. Bowo lili bwino pamene chala chikulowa chokhudza mbali zonse, chikutha kutembenuka pang'ono, ndipo mpira ukulendewera m'dzanja chala chili chowongoka. Ngati mwafika pa tizidutswa tisanu kapena tisanu ndi kamodzi ndipo bowo likadali lotakasuka, tepi yafika pamalire ake ndipo pakufunika mmisiri.

Chachinayi, pitani kwa mmisiri mutakonzeka

Sankhani shopu imene ili pamalo osewerera, kuti mmisiri akuoneni mukuponya. Tengani mpira umene mumaugwiritsa ntchito kwambiri, pepala la miyezo yakale ngati lilipo, ndi zithunzi za dzanja zija. Pitani pa nthawi imene mumasewera masiku onse, ndipo yambani mwaponya kangapo kuti dzanja lifunde, chifukwa dzanja la nyamakazi loyezedwa m'mawa lili louma limapereka miyezo imene madzulo sigwira ntchito. Muuzeni mmisiri mosabisa za opaleshoni, kuthyoka kwakale kapena matenda amene ali m'dzanjalo.

Pemphani kuti akuyezeni mwatsopano ngati munthu amene sanayezedwepo, ndipo pepala lakale aliyang'ane pambuyo pofanizira. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa amayamba ndi kupereka pepala lakale, ndipo mmisiri mwaulemu amangosintha pang'ono pa zimene zalembedwazo. Pemphaninso kuti ayambire pa mpira wakale. Mabowo akale amatsekedwa ndi mankhwala amene amauma n'kulimba ngati pulasitiki, kenako amabooledwanso, ndipo zimenezi zimatsika mtengo poyerekeza ndi kuyesera miyezo yosatsimikizika pa mpira watsopano.

Chachisanu, sinthani span ndi kupendekera kwa mabowo

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi bwino kuti mumvetse zimene mmisiri akuchita kuti muthe kukambirana naye. Bowo silimangobooledwa molunjika pakati pa mpira nthawi zonse. Kupendekera kwake kumatchedwa pitch. Bowo limene pansi pake palunjika pakati penipeni pa mpira lili ndi pitch ya ziro. Pansi pa bowo pakapendekera cha kumene kuli chikhatho, amati forward, ndipo pakapendekera kutali ndi chikhatho amati reverse. Bowo likhozanso kupendekera kumanzere kapena kumanja. Miyezo yonseyi imawerengedwa m'tizigawo ta inchi, ndipo kusintha kwa 1/16 ya inchi, kumene ndi mamilimita 1.6 okha, dzanja limakumva.

Pa chala chachikulu, reverse imatulutsa chala msanga pamene forward imachisunga m'bowo nthawi yotalikirapo. Span ndi pitch ya chala chachikulu zimayendera limodzi: span yaitali imafuna reverse yambiri kuti chala chithe kutuluka, ndipo span yaifupi imafuna reverse yochepa kapena forward. Anthu ambiri amene lero ali ndi zaka za m'ma 60 anayezedwa m'nthawi imene amisiri ankakonda span yaitali yokhala ndi reverse yambiri. Dzanja lachinyamata linkatha kupirira kagwiridwe kameneka chifukwa linali lofewa ndi lamphamvu, koma likauma, span yaitaliyo imakoka tsinde la chala chachikulu ndipo reverse imapulumutsa mpira nthawi isanakwane. Mankhwala ake kawirikawiri ndi kufupikitsa span ndi 1/16 kapena 1/8 ya inchi, n'kuchepetsanso reverse molingana. Kufupikitsa span n'kusiya reverse yakale ndi kulakwitsa kofala, chifukwa mpira umayamba kugwa msanga kuposa kale ndipo munthu amafinya kwambiri.

Pa zala ziwiri zija zinthu zimayenda mosiyana. Bowo la forward limafuna kuti nsonga ya chala ipindike kwambiri, chinthu chimene mfundo youma singachite popanda ululu. Mmisiri wodziwa amapinda nsonga ya chala chilichonse ndi dzanja lake kuti aone pamene ikulekezera, kenako amapereka reverse imene imalola chala kulowa chowongokerapo. Chala chilichonse chiyezedwe pachokha, popeza nyamakazi sigwira zala mofanana, ndipo chala chimene chakhotera kumbali chimafuna bowo lopendekera mbali yomweyo. Zoona zake n'zakuti reverse m'zala imachepetsako kuzungulira kwa mpira, ndipo ena amadandaula kuti mpira wawo sukukhotanso ngati kale. Maganizo anga ndi akuti kutaya pang'ono kuzungulirako n'kwabwino kusiyana ndi kulephera kumaliza gemu yachitatu, ndipo dzanja lomasuka nthawi zambiri limabweza zina mwa zimene zinatayika.

Musasinthe zinthu zambiri nthawi imodzi. Span pamodzi ndi pitch ya chala chachikulu ndi kusintha kumodzi. Sewerani nako milungu iwiri kapena itatu, chifukwa dzanja limene lafinya kwa zaka zambiri silisiya tsiku limodzi, ndipo masiku oyamba mpira umamveka wachilendo ngakhale miyezo ili yolondola. Kenako mubwerere kukaona za zala.

Chachisanu ndi chimodzi, onani maonekedwe a mabowo ndi zoikamo

Chala chachikulu chophwatalala chimafuna bowo la maonekedwe a dzira, lopendekeredwa mmene chalacho chimakhalira mumpira. Mkombero wa bowo upalidwe kuti usakhale wakuthwa, makamaka pamene pamagunda tsinde la chala, koma usapalidwe mopyola, chifukwa mkombero wotha kwambiri umachititsanso kufinya. Amene chala chawo chimatupa ndi kuphwa kwambiri angaganizire za bowo lochotseka, monga la Turbo Switch Grip kapena VISE IT, limene limalola munthu kukhala ndi mabowo awiri kapena atatu a misinkhu yosiyana n'kumawasinthanitsa pa mpira umodzi.

Timalabala timene timaikidwa m'mabowo a zala timatha ndi kukula pogwiritsidwa ntchito, ndipo tikasalala kapena kung'ambika tisinthidwe. Khungu lopyapyala limamva bwino ndi timalabala tofewa. Ngati chala cha mphete ndicho chikuvuta, pali kagwiridwe kotchedwa Sarge Easter, kamene chala cha mphete chimalowa mpaka pamfundo yachiwiri pamene chapakati chimalekezera pamfundo yoyamba. Ngati mfundo zakumapeto zonse ziwiri zawonongeka, kubwerera ku conventional si chinthu chochititsa manyazi, chifukwa kulemera kwa mpira kumachoka kunsonga n'kupita pa gawo lamphamvu la chala.

Amene amasewera m'mipikisano yotsata malamulo a USBC akumbukire kuti kuyambira pa 1 Ogasiti 2020 bowo lililonse logwirira limene lili pampira liyenera kugwiritsidwa ntchito pa kuponya kulikonse, ndipo mabowo ongothandiza kulinganiza kulemera analetsedwa. Malamulo amalola mabowo ogwirira mpaka asanu, choncho munthu wa dzanja lofooka akhoza kuboolera chala chamkombaphala kapena chaching'ono, malinga ngati azizilowetsa nthawi zonse. Amene wasankha kusiya kulowetsa chala chachikulu ayenera kutseketsa bowo lake.

Chachisanu ndi chiwiri, kulemera kwa mpira kubwere pomalizira

Anthu ambiri dzanja likayamba kupweteka amathamangira kugula mpira wopepuka, n'kuboolanso miyezo yolakwika yomwe ija. Mpira wa mabowo oyenera umamveka wopepuka kuposa mmene ulili, chifukwa zala zimaunyamula popanda minofu kulimbana nawo, ndipo n'chifukwa chake ndayika nkhaniyi kumapeto. Mabowo akakonzedwa koma liwiro la mpira likutsikabe pa gemu yachitatu, phewa likugwera pansi poponya, kapena polumikizira mkono pakupindikira kumbuyo, tsikani ndi paundi imodzi yokha. Kuchoka pa mapaundi 16 kupita pa 15 ndi kuchoka pa makilogalamu 7.26 kupita pa 6.8, ndipo mapaundi 14 ndi makilogalamu 6.35. Mpira wopepukirapo umene ukuyenda ndi liwiro labwino ndiponso ukugunda pamalo oyenera umagwetsa mapini kuposa wolemera umene ukukwawa. Musanagule mpira wa mapaundi 13 kapena 12, funsani za chimene chili mkati mwake, chifukwa makampani ambiri amaika mtima wosiyana m'mipira yopepuka, ndipo kakhotedwe kake sikafanana ndi ka mpira wolemera wa dzina lomwelo.

Pamene pakufunika dokotala

Pali zizindikiro zimene mmisiri sangazithetse yekha. Dzanzi kapena kuyabwa kobaya m'mbali mwa chala chachikulu, mbali yoyang'ana chala chamkombaphala, makamaka pakakhala kachotupa kopweteka patsinde, kumachokera ku mtsempha wa ubongo umene mkombero wa bowo wakhala ukuupana, ndipo vutoli limadziwika kwambiri pakati pa osewera bowling moti madokotala analipatsa dzina la masewerawa. Lekani kusewera, kaonaneni ndi dokotala, ndipo musabwerere ku mpirawo bowo lisanakonzedwe, chifukwa mtsempha ukapanidwa nthawi yaitali dzanzi limachedwa kutha. Chala chimene chimakakamira chikapindika n'kuwongoka mothetheka, mfundo yotupa ndi yotentha, kapena dzanzi lodzutsa munthu usiku, zonsezi n'zofunika kuchipatala. Odwala matenda a shuga ayang'ane zala zawo akamaliza kusewera ngakhale sakumva ululu, popeza mphamvu yomva kukhudza imatha kuchepa ndipo chilonda chaching'ono chimachedwa kupola.

Miyezo yatsopano ikakhazikika, pemphani mmisiri akupatseni pepala lake lolembedwa span ya chala chilichonse, pitch ya bowo lililonse, kukula kwa mabowo ndi tsiku limene munayezedwa, kenako mubooletse mipira yanu ina yonse mofanana, kuphatikizapo wa pulasitiki umene mumagwetsera mapini otsala. Munthu amene wapitirira zaka 50 ayezetse dzanja kamodzi pachaka, ligi isanayambe, komanso nthawi ina iliyonse imene wanenepa kapena kuwonda moonekera, wavulala m'dzanja, kapena wakhala miyezi ingapo osasewera.